Kufewetsa zakumbuyo pa chithunzi cha mbalame osaiwononga mbalameyo

Sipatha sabata ndisanalandire chithunzi cha mbalame pa foni, pansi pake pali funso lomwe lija: "Achimwene, mbalameyi yatuluka bwino koma kumbuyoku kwandinyansa, ndipange bwanji?" Ndayankha pa WhatsApp, ndayankha pakamwa, ena ndakhala nawo pa laputopu mpaka batire kutha. Lero ndati ndilembe kamodzi, kuti wofunsa mawa ndizingomulozera pano.

Vutoli ndi langanso. Mbalame zathu zambiri sitizijambulira ku Liwonde kapena ku Nyika ayi. Timazipeza kuseri kwa nyumba: pumbwa ali pa papaya koma kumbuyo kwake kuli mpanda wa njerwa, njiwa ikutola madeya pansi koma pambali pali beseni labuluu, nthengu yatera pa nthambi ya mango koma kuseri malata akunyezimira ndipo zovala zili balala pachingwe. Amene ali ndi lenzi ya 600mm yotseguka mpaka f/4 (nambala ya f ikachepa, khomo lolowera kuwala mu lenzi limakula ndipo kumbuyo kumafewa kwambiri), zonsezi zimasungunuka zokha mu kamera. Ife a 70-300mm, amene kumapeto timathera pa f/5.6 kapena f/6.3, ndi anzathu ojambula ndi foni, njerwa iliyonse imawerengeka.

Chitsanzo changa chikhala nthengu. Ndaisankha dala. Ndi yakuda bii, mchira wake ndi wamphanda, ndipo patsinde pa mlomo ili ndi timaubweya tolimba. Mbalame yakuda yomwe ili patsogolo pa khoma lowala siibisa cholakwa chilichonse, choncho mukaikwanitsa iyi zina zonse muzikwanitsa.

Ndifotokoza monga zilili mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta. Ngati mulibe, GIMP ndi yaulere, ndipo Photopea imatseguka pa intaneti popanda kulipira, mabatani ake ambiri ali pomwe a Photoshop ali. Mawu anayi awa muwadziwiretu. Layer ili ngati pepala loonekera mkati losanjikidwa pa linzake, lapamwamba limaphimba lapansi. Mask ndi chophimba cha layer: pamene mwapaka zoyera pamaoneka, pamene mwapaka zakuda pamabisika, ndipo palibe chomwe chafufutidwa, mutha kubweza. Blur ndi chimbuuzi chomwe tikufuna kuika kumbuyoko. Pixel ndi kadontho kamodzi mwa timadontho tomwe timapanga chithunzi.

1. Sankhani chithunzi choyenera ntchitoyi

Kulitsani chithunzi kufika 100 peresenti muyang'ane diso la mbalame. Ngati diso silikuoneka bwinobwino, chisiyeni. Kufewetsa kumbuyo sikukonza mbalame yomwe inaphonyedwa pojambula, m'malo mwake kumaonetsa poyera kuti palibe paliponse pakuthwa pa chithunzi chonse.

Gwiritsani ntchito fayilo yochokera mu kamera, makamaka ya RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera inajambula) ngati munajambula motero. Chithunzi chomwe chadutsa kale pa WhatsApp chimakhala chafinyidwa, m'mbali mwa nthenga mumakhala timabokosi, ndipo pulogalamu imalephera kusiyanitsa nthenga ndi khoma. Mukamatumizira mnzanu kuti akuthandizeni, tumizani ngati Document. Koperani fayiloyo, yoyambirira muisunge padera osaikhudza.

2. Yambani mwadula ndi kuchepetsa kuwala

Anthu amathamangira blur, chonsecho nthawi zambiri chomwe chikusokoneza si kuthwa kwa zakumbuyo koma kuwala kwake. Diso la munthu limathamangira powala kwambiri ndi pamtundu wokuwa. Dulani chithunzi kuti beseni ndi zovala zija zituluke ngati zili m'mbali, koma musiye malo kumene mbalame yayang'ana, ndipo musadule mchira kapena zala.

Mukatero detsani kumbuyo pang'ono. Mu Lightroom, pulogalamu ina yokonzera zithunzi, kuyambira 2021 muli Select Subject ndipo mu 2022 anaonjezera Select Background, yomwe imasankha zakumbuyo zokha mukangodina kamodzi. Ine ndimayambira apa: Exposure ndimatsitsa ndi 0.3 kapena 0.5, Highlights ndi 40, Saturation ndi 15, Texture ndi 40, Clarity ndi 20. Izi ndi poyambira chabe, chithunzi chilichonse chili ndi zofuna zake. Pa zithunzi zambiri ntchito imathera pomwepa. Mukaona kuti diso lanu tsopano likuyamba kugwera pa mbalame, imani, musapitirire chifukwa choti masitepe ena alipo.

3. Chotsani zowala musanaike chimbuuzi

Blur siichotsa chinthu, imangochipaka. Jumbo yoyera yokodwa pa mpanda mukaiika blur imasanduka chibanga choyera chachikulu kuposa jumboyo. Waya wamagetsi amasanduka chimzere chotuwa. Ndiye zinthu zoterezi zichotseni kaye ndi Spot Healing Brush, batani lake ndi J, kapena Clone Stamp, batani lake ndi S. Samalani kwambiri ndi kanthambi kodutsa kuseri kwa mutu wa mbalame kooneka ngati kakutuluka m'mutumo. Apa simukufunika luso lalikulu popeza malowa adzafewa, chofunika n'chakuti mtundu ufanane ndi wa pozungulira.

4. Patulani mbalame pamodzi ndi pomwe yatera

Dinani Ctrl ndi J kawiri kuti mukhale ndi ma layer atatu. Yapansi musaikhudze. Yapakati itcheni "kumbuyo", yapamwamba itcheni "mbalame". Muli pa yapamwambayo pitani ku Select, kenako Subject. Pulogalamu izungulira mbalame ndi timizere toyenda ngati nyerere. Musaikhulupirire msanga. Tsegulani Select and Mask, kulitsani kufika 200 peresenti, muyende m'mbali mwa mbalame yonse kuyambira kumlomo mpaka kubwerera kumlomo.

Malo amene pulogalamu imaphonya ndi omwewo nthawi zonse: pakati pa miyendo, pamphanda ya mchira, pakati pa phiko ndi thupi, m'kamwa ngati mbalame yayasamula, ndi pansi pa zala. Mukasiya kampata kamodzi, njerwa idzaoneka yakuthwa pakati pa miyendo pamene khoma lonse lafewa, ndipo aliyense wodziwa zithunzi amayang'ana pomwepo poyamba. Pa timaubweya ta pamlomo ndi nthenga zonyankhalala za pakhosi, dutsanipo ndi Refine Edge Brush yaing'ono. Musadutse nayo pamlomo penipeni kapena pamiyendo, imadya m'mbali. Feather ikhale pafupifupi theka la pixel, ndipo Shift Edge muibweze m'kati pang'ono, ngati 10 peresenti, kuti kamzere ka khoma lakale kasatsalire pa nthenga.

Nthambi yomwe mbalame yagwira ilowe nawo. Chilichonse chomwe chili pa mtunda umodzi ndi mbalame kuchokera pa kamera chilowe nawo: tsamba la pambali pake, chipatso chomwe ikujompha. Pomaliza sankhani kuti zituluke ngati Layer Mask. Mu GIMP ntchito yomweyi imachitika ndi Foreground Select kapena Paths, kenako Add Layer Mask. Imatenga nthawi yochulukirapo, koma zotsatira zake n'zofanana.

5. Chotsani mbalame pa layer ya kumbuyo

Sitepe iyi ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi. Malangizo ambiri amati mukapatula mbalame, ikani blur pa layer yapansi, mwamaliza. Inenso ndinkatero. Chithunzi changa choyamba cha nthengu ndinakachitsukitsa pa pepala lalikulu, ndipo nditachitenga m'manja ndinaona kautsi kakuda kazungulira mbalame yonse, ngati yatera pa mbaula yofuka. Pa sikirini ya foni sikankaoneka. Pa pepala kanali poyera.

Kautsiko kamabwera motere. Blur imagwira ntchito posakaniza kadontho kalikonse ndi timadontho toyandikana nako. Pa layer ya kumbuyo mbalame ija ikadalipo. Mukaika blur ya ma pixel 25, kuda kwa nthengu kumasefukira pa khoma mbali zonse, monga chitenje chosuluka chimadetsera malaya oyera mukazinyika m'beseni limodzi. Mbalame yakuthwa ya pamwamba imaphimba pakati pokha, zosefukira zija zimasuzumira m'mbali. Mbalame ikakhala yoyera ngati kakowa, kautsiko kamakhala koyera. Ikakhala pumbwa, pansi pa mchira pamatuluka chikasu chomwazika. Kufufuta kautsiko pambuyo pake ndi burashi n'kutaya nthawi, chifukwa mumangosinthanitsa ndi kamzere ka khoma lakuthwa kozungulira mbalame.

Mankhwala ake ndi kuichotseratu mbalame pa layer ya kumbuyo blur isanafike. Chitani izi:

Zimitsani kadiso ka layer ya mbalame kuti isaoneke. Gwirani Ctrl ndi kudina pa kachithunzi ka mask yake, nyerere zija zibwerera. Tsopano dinani layer ya kumbuyo, ndipo onetsetsani kuti mulidi pa imeneyo, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa n'kufufuta mbalame yeniyeni. Pitani ku Select, Modify, Expand, muike ma pixel 15 kapena 20, kuti chosankhidwacho chidutse malire a mbalame n'kulowa m'khoma pang'ono. Mukapanda kukulitsa, kamzere kakuda ka m'mbali mwa nthenga kamatsala ndipo kautsi kamabweranso, kochepa koma kooneka. Kenako Edit, Content-Aware Fill. Chida chimenechi chili mu Photoshop kuyambira 2010, ndipo chimadzaza dzenjelo ndi zomwe chatola pozungulira.

Zomwe muone zikhoza kukhala zonyansa: njerwa zopindika, masamba obwerezabwereza, chibanga pakati. Musataye mtima. Pakati padzaphimbidwa ndi mbalame. Chofunika ndi m'mbali mwa dzenjelo, pamene mutu, msana ndi mchira zidzathere. Pamenepo pasakhale chakuda chilichonse chotsala, ndipo mtundu upitirire monga ukuchokera kunja: kumene kunali khoma kukhale khoma, kumene kunali masamba kukhale masamba. Pakatsala chakuda, tengani Clone Stamp yofewa, mutole mtundu kunja n'kumaukokera m'kati. Nthambi nayonso ichoke pa layer imeneyi, ndi mthunzi wakuda wa pansi pake womwe, apo ayi idzakhala ndi kautsi kake.

A GIMP, kukulitsa kuli pa Select, kenako Grow. Podzaza gwiritsani ntchito Clone, kapena Heal Selection ngati munaikamo chida choonjezera chotchedwa Resynthesizer. Ndi Clone yokha zimatheka ndithu, mphindi khumi zimakwana, popeza simukujambula khoma lokongola koma kungothamangitsa kuda.

Yatsaninso kadiso ka mbalame. Chithunzi chioneke ngati simunachite kanthu. Chikaoneka choncho ndiye kuti mwakhoza.

6. Ikani chimbuuzi, pang'onopang'ono

Muli pa layer ya kumbuyo, dinani kumanja musankhe Convert to Smart Object kuti mudzathe kusintha mlingo mawa osayambiranso. Pitani ku Filter, Blur Gallery, Field Blur. Ambiri amadziwa Gaussian Blur, ndipo imagwira, koma imapaka zonse mofanana ngati phala. Lenzi yeniyeni simatero: kuwala kodutsa m'masamba imakusandutsa timikombero tofewa. Field Blur imayandikira zimenezo.

Mlingo umadalira kukula kwa fayilo. Pa chithunzi cha ma pixel 6000 m'litali ndimayambira pa 15, ndipo kawirikawiri sindidutsa 30. Chithunzi chodulidwa kwambiri chimafuna wocheperapo. Cholinga si chakuti khoma lisowe, koma kuti lisiye kukuwa. Munthu azitha kuona kuti kumbuyoko kuli masamba kapena mpanda, koma asathe kuwerenga njerwa. Mukafika poti kumbuyo kwangokhala mtundu umodzi see, mbalame imaoneka ngati yodulidwa m'kalendala n'kumatidwa pa khoma.

7. Chimbuuzi chitsate mtunda

Nayi mfundo yachiwiri yomwe imalekanitsa ntchito yabwino ndi yachinyengo chooneka. Kamera imaona chakuthwa pa mtunda umodzi wokha. Chomwe chili patsogolo pa mtundawo chimafewa, chomwe chili kuseri chimafewanso, ndipo kufewako kumakula chinthu chikamatalikira. Sikudumpha. Tsamba lomwe lili chikhatho chimodzi kuseri kwa mbalame silingafewe mofanana ndi mpanda womwe uli mamita asanu kutali.

Mu Field Blur mumabaya timapini, kalikonse ndi mlingo wake. Pa mpanda ikani 25, pa masamba apafupi 8, pafupi ndi nthambi ya mbalame 0 kapena 2. Pulogalamu imasakaniza pakati pake yokha. Ngati nthambi ikuloza kutali ndi kamera, isakhale yakuthwa mpaka kunsonga. Pitani pa mask ya mbalame, tengani burashi yakuda yofewa ya mphamvu yochepa, ngati 20 peresenti, muzidutsa kumene nthambi ikutalikira. Koma kuti izi zitheke, mbali yakutaliyo ikhale ilipo pa layer ya kumbuyo, choncho pa sitepe 5 chotsani gawo lokhalo la nthambi lomwe likhale lakuthwa.

Mbalame zoyenda pansi, monga njiwa, nkhanga ndi nkhwali, ndiye zovuta koposa. Dothi lomwe zapondapo liyenera kukhala lakuthwa, kamzere kopingasa kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kenako kufewa kuziyamba pang'onopang'ono kupita kumtunda kwa chithunzi ndiponso kutsika kumunsi. Apa gwiritsani ntchito Tilt-Shift, yomwe ili mu Blur Gallery momwemo, mzere wake wapakati udutse pa zala za mbalame. Mukafewetsa dothi la pansi pa zala, nkhanga imaoneka ikuyandama m'malere. Madzi nawonso chimodzimodzi: kakowa ali m'dambo, timafunde ta pamiyendo pake ndi chithunzithunzi chake cha m'madzi zikhale monga zinalili.

Lightroom inabweretsa Lens Blur mu 2023, yomwe imayerekeza yokha mtunda wa zinthu. Pa mbalame yaikulu yomwe ili poyera imachita bwino. Pa mbalame ya m'nthambi imasokonezeka, imafewetsa mchira kapena kusiya zigamba zakuthwa. Yatsani Visualize Depth muone momwe yaganizira, ndipo mukonze ndi maburashi ake a Focus ndi Blur.

8. Bwezerani timchenga

Chithunzi chilichonse chili ndi timchenga tosaoneka msanga, tomwe ojambula amati noise, ndipo timachuluka ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) ikakwera. Mbalame za m'mawa ndi za mumthunzi timazijambula pa ISO 800 kapena 1600, ndiye timchengato tilipo ndithu. Blur imatisesa tonse. Zotsatira zake, mbalame ili ndi timchenga pamene kumbuyo kuli salala ngati galasi, ndipo diso limamva kuti pali china chake ngakhale mwini diso sangachitchule. Mu Blur Gallery muli gawo la Noise lobwezera timeneti. Kapena pitani ku Filter, Noise, Add Noise, muike 1 kapena 2 peresenti, Gaussian, ndipo muchonge Monochromatic. Kulitsani kufika 100 peresenti pamalire a phiko ndi khoma, muonjezere kapena kuchepetsa mpaka mbali ziwirizo zifanane.

9. Yesani ntchito yanu, kenako sungani

Chepetsani chithunzi chikhale ngati kabokosi ka machesi: kautsi kakatsala kamaonekera bwino chikachepa. Chitembenuzeni kumanzere kukhale kumanja, diso lizachiona ngati chachilendo. Ngati n'kotheka chigonekeni, mudzachionenso m'mawa. Nthawi zambiri m'mawa ndimatsitsa blur. Sungani fayilo ya ma layer ngati PSD, kapena XCF mu GIMP, ndipo yotumiza ikhale JPEG ya sRGB. Ya pa Facebook, ma pixel 2048 mbali yaitali amakwana.

Kwa amene muli ndi foni yokha

Snapseed ndi yaulere ndipo ikalowa m'foni siidya bandulo. Lens Blur yake imaika chozungulira chonga dzira pakati pa chithunzi, ndipo mbalame si dzira: mchira ndi mlomo zimafewa, khoma la pafupi ndi mimba limatsala lakuthwa. Njira yake ndi iyi. Ikani Lens Blur, finyani dziralo ndi zala mpaka lichepetsetse n'kulikokera pakona, Vignette muitsitse, muvomereze. Kenako dinani kachizindikiro ka masitepe kamene kali pamwamba, View edits, Lens Blur, musankhe burashi. Tsopano mumapaka nokha pomwe mukufuna chimbuuzi, ndipo mphamvu yake imasintha pa 0, 25, 50, 75 ndi 100. Kutali pakani 100, pafupi ndi nthambi 25 kapena 50. Kulitsani kwambiri mukamayandikira nthenga. Sitepe 5 ija mu Snapseed mulibe, ndiye kautsi simungakathetseretu. Chepetsani Blur Strength, musiye kampata kochepetsetsa m'mbali mwa mbalame, ndipo dalirani kwambiri kudetsa ndi kuchepetsa mtundu ndi Selective kapena Brush.

Kunena zoona pa zomwe mwachita

Chithunzi chopachika pabalaza kapena choika pa tsamba lanu, chikonzeni momwe mtima wanu wafunira, koma wina akafunsa muuzeni kuti kumbuyo munafewetsa pa kompyuta. Mnzanu wongoyamba kumene asamadzione wolephera poganiza kuti lenzi yake yofanana ndi yanu ikumukana. Mipikisano ili ndi malamulo ake. Wildlife Photographer of the Year, womwe umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, suloleza kuchotsa kapena kuonjezera zinthu pa chithunzi, ndipo ofika kumapeto amapemphedwa fayilo yoyambirira. Zomwe tachita pa sitepe 3 ndi 5 kumeneko sizingadutse. Chimodzimodzi mukamaika chithunzi pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zomwe anthu aona, ngati umboni woti mbalame yakuti munaiona pamalo akuti: dulani, konzani kuwala, basi. Malo omwe mbalame inali ndi gawo la umboniwo.

Ulendo wina mukadzaiona nthengu ija pa mango, musanadine yang'anani kuseri kwake. Sunthani phazi limodzi kumanzere kapena kumanja kuti malata achoke kuseri kwa mutu. Njutani kuti kamera ifanane msinkhu ndi mbalame, makamaka ya pansi, chifukwa mukatero kumbuyo kumakhala tchire lakutali m'malo mwa dothi lapafupi. Tsegulani lenzi mpaka pomwe imathera, kokerani ku 300mm, ndipo yandikirani mwakachetechete momwe mbalame ikulolerani. Nthengu imakonda kubwerera pa nthambi yomwe yanyamukapo ikatha kugwira kachilombo, choncho mukaiphonya khalani pomwepo muidikire. Nthambi zozungulira chisa zokha musathyole pofuna kuyeretsa chithunzi: masamba amenewo ndi amene amabisa anapiye kwa khwangwala ndi kuwatchinga ku dzuwa.